EHCP ya mwana wanga yatuluka, koma za "tidikire kaye" zija ayi ndithu

Asalaam alaikum makolo anzanga, makamaka inu muli kuno ku England. Pulani ya mtsikana wanga, ija amati EHCP (Education, Health and Care Plan, chikalata cha khonsolo cholemba thandizo lomwe mwana wa zosowa zapadera ayenera kulandira), yatuluka Alhamdulillah, ndiye ndati ndilembe mtima udakali wotentha, mwina wina zimuthandiza.

Chinthu chomwe kusukulu sanandiuze olo kamodzi nchakuti kholo litha kulembera lokha ku khonsolo kupempha assessment, kutanthauza kuti amuunike mwanayo ngati akufunika pulaniyi. Simufunika chilolezo cha ahedi kapena SENCO (mphunzitsi woyang'anira za ana a zosowa zapadera pasukulupo), komanso simufunika pepala la dokotala loti mwana ali ndi autism. Lamulo lake ndi Children and Families Act ya 2014, limangoti ngati mwina mwana ali ndi vuto pa kaphunziridwe ndipo mwina angafunike pulani, amuunike. Mwina basi. Kalata yake ilipo kale pa webusaiti ya IPSEA, bungwe lothandiza makolo pa malamulo a nkhanizi, mungosintha dzina nkuonjezera zomwe mumaona inuyo pakhomo, nkutumiza pa imelo. Pa imelo, osati pa foni.

Koma chomwe chinandiwawa ine ndi sukulu. Ndikapita kukadandaula funso linali lomwelomwelo, kunyumba mumayankhula chani, ine nkuti Chichewa ndi Chiyao, madzulo amamvako Chiarabu ku madrasa, iwo nkugwedeza mutu kuti eya nchimenecho, zilankhulo zamuchulukira, tidikire kaye. Matemu kumangodutsa tikudikira kaye. Mwana woti belu likalira amatseka makutu nkulowa pansi pa desiki, woti ngakhale Chichewacho sayankhula amangokukoka dzanja kukakuimika pa filiji, vuto lake likhale zilankhulo? Msuweni wake anabwera kuchokera ku Mangochi osadziwa olo liwu limodzi lachizungu, pano ndi amene amatiwerengera makalata. Zoona lamulo limati chilankhulo chakunyumba pachokha si vuto la kaphunziridwe, koma iwo anachisandutsa pobisalira. Akakuuzani zimenezi auzeni kuti naku Chichewa mwana ali chimodzimodzi, ndipo mukafika kunyumba alembereni imelo yobwereza zomwe anena.

Kumudzinso pa WhatsApp anthu anali ndi zawo, ati ndi majini, mpite naye kwa shehe. Dua timapanga tsiku lililonse, koma shehe wathu yemwe anatiuza kuti pitani mukafune thandizo, mwanayu ndi amaana.

Khonsolo imakhala ndi masabata 6 oti iyankhe ngati imuunike kapena ayi, ndipo zonse mpaka pulani yomaliza zisapitirire masabata 20, papepala ndi choncho. Ife anatikanira poyamba, kalata yake yoti sukulu ikukwanitsa. Musagwe mphwayi apa, apilo ku SEND Tribunal, bwalo lomva madandaulo a nkhanizi, ndi yaulere, muli ndi miyezi iwiri kuchokera pa deti la kalatayo, kungoti muyambe mwaimbira a mediation, amkhalapakati a inu ndi khonsolo, akupatseni satifiketi, simukakamizidwa kukhala nawo pansi. A SENDIASS, alangizi a makolo pa nkhanizi omwe ali mdera lililonse ndipo salipiritsa, ndi amene anandithandiza fomu. Apilo italowa khonsolo inasintha maganizo yokha tisanafike nkomwe pa tsiku la mlandu. Nanga poyamba paja amakaniranji?

Ndaiwala, miting'i ina anaiika Lachisanu masana nthawi ya Jumu'ah, bambo ake sakanatha kubwera. Ndinangolemba kuti tsikuli sitingathe, anasintha popanda vuto. Musamachite manyazi kunena za dini.

Draft ya pulaniyo ikabwera muli ndi masiku 15 oyankha, ndiye werengani Section F, gawo lolemba thandizo la pa maphunziro, ngati mukusankha mpunga, kambewu kamodzikamodzi. Section A ndi pomwe amalemba maganizo anu, nzabwino koma sizimanga munthu, chomwe khonsolo imakakamizidwa kupereka ndi cha mu F. Yathu inangoti mwana adzakhala ndi mwayi woonana ndi speech therapist, katswiri wothandiza pa kayankhulidwe. Mwayi wake uti? Ndinabweza kuti alembe ndani, kangati, maminitsi angati.

Za Chisilamu palibe angakuganizireni, muzitchule nokha. Wanga amafunabe womuthandiza kuchimbudzi, ndinapempha kuti akhale mzimayi ndipo azimutawasa ndi madzi, zinalowa mu intimate care plan ya kusukulu ndipo kabotolo kake kamakhala mchikwama. Chakudya nacho, amadya zinthu zochepa kwambiri ndiye halaal yakusukulu saikhudza, ndimamulongedzera, koma ndinadzapeza kuti akachita bwino amamupatsa maswiti a gelatine. Sanachite dala, sanadziwe, pano ndimawatumizira paketi yanga. Tsiku la Eid ndi lololedwa kujomba, bola mwawadziwitsa, pa imelo pomwepo.

Pano tikudikira speech therapist uja ayambe kubwera, akuti temu ikubwerayi. Imelo yofunsa deti lenileni ndatumiza kale m'mawa uno.