Zikomo nonse, mnyamata uja wakhoza

Zotsatira za sitandade 8 zatuluka, ndipo mwana wanga wachiwiri, uja anthu a kuno ku Ndirande munkandiona nditamubereka ali ndi zaka 7, wasankhidwa kupita ku sekondale. Mayeso onse walemba ndi dzanja lamanzere, poti lamanja silinabwererenso mwakale chimugwireni sitiroko. Mawu akundithawa, koma ndiyesa.

Anayamba kutupa timanja ndi timapazi asanakwanitse n'chaka chomwe. Akuluakulu kuchimuna sanachedwe kugamula kuti ndi tsempho, ndipo wosempha mwanayo ndine. Amayi anzanga mukudziwa tanthauzo la mlandu umenewo. Ndinausenza zaka zingapo, mwana akulira usiku wonse ndi ululu wa m'mafupa, maso ali achikasu, ine ndikulumbira kuti sindinayende njira ina iliyonse.

Amene anandimasula ndi dokotala wachitsikana ku Queens. Atatiuza kuti mwana ali ndi sickle cell, anati matendawa amayenda m'majini. Apongozi anga, omwe ndinali nawo tsikulo, anadzidzimuka poganiza kuti akunena majini a mizimu aja! Adokotala anaseka pang'ono, n'kutenga pepala n'kuyamba kujambula. Anati majini akewa ndi malangizo a chibadwa amene mwana amalandira, theka kwa mayi, theka kwa bambo. Wotengera mbali imodzi yokha nthawi zambiri sadwala, amangosunga. Kuti mwana adwale, ndiye kuti makolo onse awiri anamupatsira. Ngati onse ndi osunga, mimba iliyonse ili ngati maere: pa zinayi, chimodzi chimagwera matendawa. Bambo ake atayezetsa, anapezeka kuti ndi osunga ngati ine ndemwe. M'minibasi pobwerera simunamveke mawu.

Kuyambira pamenepo ndinkafuna kudziwa kuti anayamba kuzindikira zimenezi ndani. Mchimwene wake wamkulu ndiye anandifufuzira pafoni. Ndi wasayansi wa ku America, James Neel, amene mu 1949 anayeza magazi a makolo a ana odwala n'kusonyeza kuti matendawa amachokera kuwiri konse. Anamwalira mu 2000, za Ndirande sanazimvepo, koma mlandu wanga anauweruza ine ndisanabadwe. A Neel, zikomo kumene muliko.

Mu 1956 wina, Vernon Ingram, ali ku Cambridge, anapeza kuti vuto lonseli ndi kachidutswa kamodzi kokha kosinthika mu hemoglobini, chinthu chonyamula mpweya m'magazi. Kamodzi basi! Kameneko n'kamene kamapinda maselo ofiira kukhala ngati chikwakwa. Akapindika amakakamira m'mitsempha, mitsemphayo n'kuyamba kutupa mkati, magazi osadutsa. Zikachitika m'mafupa ndi ululu uja. Zikachitika mu ubongo ndi sitiroko, monga zinamuchitikira mwana wanga m'mawa wina akumwa phala: kapu inangogwa, pakamwa n'kupotoka. Maselo abwinobwino amakhala masiku ngati 120, opindikawa safika n'komwe mwezi, n'chifukwa chake magazi amamuthera pafupipafupi.

Chimene chinawafika pamtima apongozi ndi cha Anthony Allison, amene anakulira ku Kenya. Mu 1954 anaonetsa kuti osunga aja amatetezeka ku malungo oopsa. Ndiye kuti chimene chinapulumutsa makolo athu ku udzudzu ndi chomwecho chikuvutitsa mdzukulu wawo. Atamva izi anangoti, "Ndiye palibe wolakwa." Sanapepese ndi pakamwa, anthu akale satero, koma sabata yotsatira anabwera ndi nkhuku. Amayi, nkhuku ija ndinaimva bwino lomwe.

Tsopano kwa inu amoyo. Manesi a kuwodi ya ana amene munkandidzutsa kuti ndidye. A mafizo amene munamuphunzitsanso kuyenda, phazi ndi phazi, iye akukutukwanani. Inu amene mumapereka magazi ku Malawi Blood Transfusion Service, ambiri mwa inu ana asukulu, sindikudziwani nkhope koma magazi anu ndi amene anamudzutsa kangapo konse. Ofufuza amene munayesa mankhwala a hydroxyurea pa ana a muno mu Africa, chiyambireni kumwa, ulendo wa kuchipatala usiku unachepa kwambiri. Aphunzitsi ake a sitandade 3 amene munapirira zolemba zake zokhotakhota mpaka dzanja lamanzere litazolowera. Amayi a mvano, ndi achemwali oyandikana nane amene munkandiphikira ana enawo ine ndili kuchipatala. Mulungu akubwezereni.

Sanachire ayi. Mankhwala akumwabe tsiku ndi tsiku, botolo la madzi silimuchoka m'manja, ndipo nyengo yozizira ya mu June timaiopabe. Koma yunifolomu tayeza kale kwa telala ku Limbe. Loweruka lino masana kuli thobwa kunyumba, bwerani mudzamugwire chanza. Mudzapereke lamanzere.