Malipiro a papepala ndi ndalama zotsala m'thumba

Ntchito yanga ndi yokonza malipiro a anthu pakampani ina, choncho mwezi uliwonse ndimaona manambala awiri a munthu mmodzi: ya pamwamba pa pepala, imene amaitchula akamacheza ndi anzake, ndi ya pansi, imene imalowadi kubanki msonkho ndi penshoni zikachotsedwa. Anthu akamayerekeza ntchito ziwiri, ambiri amayang'ana nambala ya pamwamba, ndipo ochenjererako amafika pa ya pansi n'kuima pomwepo. Koma pali nambala yachitatu imene silembedwa papepala lililonse, ndiyo ndalama zimene zimatsala munthu akalipira zinthu zonse zimene malo a ntchitoyo amamukakamiza kugula. Imeneyi ndi imene ndikuganiza kuti tiyenera kuyerekeza, pamodzi ndi maola amene munthu amataya kuti aipeze.

Ndiyambe ndi ntchito za ku UK, chifukwa ndi zimene zakhala zikutenthetsa mitu m'magulu a WhatsApp a ife amene tinaphunzira limodzi. Mu February 2022 dziko la Britain linatsegula khomo kwa anthu ochokera kunja ofuna ntchito yosamalira okalamba ndi odwala, ndipo kuyambira mu April 2025 lamulo linkati munthu wa viza imeneyi asalandire zochepera £25,000 pachaka. Munthu ali ku Lilongwe akamva zimenezi amatenga foni n'kuyamba kuchulukitsa, ndipo pamtengo wa kubanki wa chaka chimenecho, pomwe paundi imodzi inali yoposa K2,200, amapeza kuti mnzakeyo akulandira ndalama zoposa K4.5 miliyoni pamwezi. Mphunzitsi wa pulayimale akaona nambala imeneyi mtima umamuwawa, ndipo sindingamudzudzule, popeza iye sangaifike ngakhale ataphatikiza malipiro a miyezi yambiri.

Vuto la masamu amenewa ndi lakuti mnzathuyo sagula tomato ku Lizulu kapena kulipira lendi ku Area 25. Pa £25,000 zija, £12,570 zoyambirira sizidulidwa msonkho, koma zotsalazo zimadulidwa 20 peresenti, kuonjezerapo 8 peresenti ya msonkho wina wotchedwa National Insurance, moti pamwezi amatsala ndi ndalama zosafika £1,800 asanachotse penshoni. Pamenepo sanalipire chipinda, chimene m'mizinda yambiri ya ku England chimadya mapaundi mazanamazana ngakhale bafa ndi khitchini zili zogawana ndi anthu ena. Sanalipire gasi wotenthetsera nyumba m'miyezi yozizira, chinthu chimene kwathu kuno sitichiwerengera n'komwe. Ngati ntchito yake ndi yoyendera odwala m'nyumba zawo, kawirikawiri amafunika galimoto, inshuwalansi yake ndi mafuta. Akalowa m'nyumba yakeyake, khonsolo nayo imafuna msonkho wake. Zotsala zimakhalapo ndithu, koma zimapezeka pogwira mashifiti oonjezera, usiku ndi Lamulungu lomwe, ndipo n'chifukwa chake abale athu ambiri kumeneko amayankha mauthenga pa nthawi imene ife tili m'tulo.

Pali mtengo wina umene suoneka pa masamu. Viza ya ntchito imeneyi imamangirira munthu kwa bwana amene anamuitanitsa, moti kampaniyo ikalandidwa chilolezo, iye amapatsidwa masiku 60 okha oti apeze ina kapena achoke m'dzikomo. Munthu wotero sadandaula mwachisawawa akamuonjezera maola. Kuyambira mu March 2024 olowa kumene pantchitoyi analetsedwa kutenga akazi, amuna kapena ana awo, kutanthauza kuti mwana amakulira kwa agogo kapena kwa azakhali n'kumaona mayi ake pafoni. Mu July 2025 boma la Britain linatsekeratu kulemba anthu atsopano ochokera kunja pantchitoyi. Walira mvula walira matope, ndipo matope a malipiro a mapaundi ndi amenewa.

Komabe ndikanakhala wabodza ndikanaimira pamenepa, ngati kuti otsala kuno ndi amene anasankha bwino. Ndalama zimene mnzathu wa ku Leeds kapena ku Luton amasunga, ngakhale zichepe bwanji, amazisunga mu mapaundi, pomwe zathu zili mu kwacha. Mu May 2022 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti tsiku limodzi. M'chaka cha 2024 mitengo ya zinthu inkakwera ndi pafupifupi 30 peresenti pachaka, kutanthauza kuti wantchito amene anakwezedwa malipiro ndi 15 peresenti n'kuthokoza abwana ndi manja awiri, kwenikweni anali atatsitsidwa. Ndinaona ndi maso anga anthu amene nambala yawo ya pamwamba inkakwera chaka ndi chaka akusiya kugula nyama, kenako akuchotsa mwana kusukulu yolipira. Mnzathu wa kunja uja akadwala amapita kuchipatala cha boma cha kumeneko (NHS) osayamba wafunsa ngati mankhwala alipo, ndipo magetsi akewo sathima akuphika. Zimenezi nazonso ndi moyo wabwino, ndipo sitiyenera kuzichepetsa pofuna kudzitonthoza.

Pachifukwa chimenechi sindigwirizana ndi anthu amene amakonda kunena kuti ndalama sizibweretsa chimwemwe, makamaka akamauza munthu wa malipiro otsikitsitsa. Mu 2024 boma linaika malipiro ochepetsetsa pa K90,000 pamwezi, ndipo kumayambiriro kwa 2025 thumba la chimanga la makilogalamu 50 linafika pa K100,000 m'misika ina. Kwa mlonda kapena wantchito wa m'nyumba wolandira ndalama zimenezo, palibe nkhani yosankha pakati pa malipiro ndi mtendere wa mumtima, chifukwa mtendere wakewo ndi ufa umene uli m'nyumba. Bungwe la Centre for Social Concern limawerengera mwezi ndi mwezi ndalama zimene banja la mutauni limafunika kuti lipeze chakudya, nyumba ndi zina zofunikira, ndipo kwa zaka zambiri chiwerengero chawo chakhala chili kutali kwambiri ndi malipiro ochepetsetsa. Munthu amayamba kulankhula zosinthanitsa ndalama ndi nthawi pokhapokha akadutsa mzere umenewo.

Masamu awa si achilendo kwa ife Amalawi. Agogo athu ankawachita polembetsa ku Wenela, ndipo pambuyo pake ku Theba, kupita kumigodi ya ku Joni, komwe gawo lina la malipiro awo linkasungidwa kuti akalandirire kumudzi. Ankabwerako ndi njinga, wailesi ndi ndalama za malata, koma ena ankabwerako ndi chifuwa chosapola, ndipo ena sanabwerenso, n'kusanduka machona. Mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha anthu oposa 70 amene ankabwerera kwawo kuno, ndipo Kamuzu Banda anaimitsa kulemba anthu opita kumigodi kwa zaka zingapo. Lero achinyamata akupitabe ku Joni pabasi kudzera ku Tete ndi ku Beitbridge. Lamulo la ku South Africa linaika malipiro ochepetsetsa pa R28.79 pa ola kuyambira mu March 2025, zimene n'zochuluka tikazisandutsa makwacha, koma munthu wopanda mapepala alibe pokadandaula bwana akamupatsa zochepera, ndipo amayenda akuyang'ana kumbuyo poopa kutengeredwa ku Lindela, kumene amasungira anthu oti abwezedwe kwawo. Amene anaona zipolowe zothamangitsa alendo mu 2008 ndi mu 2015 amadziwa kuti katundu wosonkhanitsa zaka zambiri angathe kutha usiku umodzi. N'zochititsa chidwi kuti chinthu choyamba chimene Amalawi kumeneko amasonkherana ndi ndalama zotumizira maliro kumudzi.

Ngakhale osatuluka m'dziko muno, nkhani ndi yomweyo. Tiyerekeze kuti munthu akugwira ntchito pa boma ngati Ntchisi kapena Mchinji, ndiye wapeza ina ku City Centre ya malipiro oposa akalewo ndi theka. Pa boma paja amayenda wapansi popita kuntchito, masana amakadya kunyumba, ali ndi kamunda kobwereka komwe amakolola chimanga chofika chaka, ndipo ndiwo zamasamba amathyola kuseri kwa nyumba. Akafika ku Lilongwe, nyumba imene angaikwanitse ili ku Area 25, ku Area 36 kapena ku Chinsapo, kumene amafunika kukwera minibasi ziwiri kapena kuonjezerapo kabaza, kunyamuka kusanache n'kubwerako ana atagona. Mtengo wa minibasi umakwera mafuta akasowa ndipo sufulumira kutsika akapezeka. Chilichonse amagula, kuyambira makala ndi mayunitsi a magetsi mpaka nkhwani, ndipo eni nyumba ambiri amafuna lendi ya miyezi itatu pakamodzi. Ndawerengerapo anthu angapo masamu otere, ndipo nthawi zambiri theka loonjezera lija limathera pa lendi ndi thiransipoti, osatsalako ngakhale ya sopo.

Koma tauni ili ndi zake zimene boma lilibe, ndipo munthu wa banja ayenera kuziika pasikelo moona mtima. Madokotala a matenda ovuta amapezeka kuzipatala zazikulu za Kamuzu Central ku Lilongwe, Queen Elizabeth ku Blantyre, Zomba Central ndi Mzuzu Central, choncho amene ali ndi mwana kapena kholo lodwaladwala angalolere lendi yokwera kuti akhale pafupi. Mkazi kapena mwamuna wake angapeze ntchito kapena kuyamba geni mosavuta mutauni. Palinso nkhani imene tonse timaidziwa koma sitiilemba m'makalata, yakuti munthu wokhala pafupi ndi likulu ndi amene amaoneka pa nthawi yokweza anthu maudindo, ndiponso ndi amene dzina lake limalowa pamndandanda wa misonkhano ya ku Mponela ndi ku Salima, komwe alawansi ya masiku ochepa ingathe kupikisana ndi malipiro a mwezi. Ine sindikonda kuwerengera alawansi monga gawo la malipiro, chifukwa imadalira nkhope ya bwana ndi thumba la opereka thandizo, koma sindingatsutse kuti mabanja ambiri amadyera pamenepo.

Za mabungwe omwe si aboma ndingonena mwachidule. Amalipira bwino kuposa boma, nthawi zina kuwirikiza kangapo, koma pa kontilakiti ya chaka chimodzi kapena ziwiri. Thandizo la dziko la America litaimitsidwa mu January 2025, anthu ambiri ogwira ntchito zaumoyo anapezeka ali pakhomo mosayembekezera, pomwe mnzawo wa m'boma wa malipiro ochepa uja anapitiriza kulandira ndipo penshoni yake ikumudikirabe.

Wachinyamata akandibweretsera kalata ya ntchito yatsopano kuti ndimuonere, ndimayamba ndi mizere imene iye waidumpha. Lamulo limafuna kuti olemba ntchito aziika 10 peresenti ya malipiro kupenshoni ndipo wantchito aziika 5 peresenti, koma ndi bwino kufunsa amene ali kale pakampanipo ngati ndalamazo zimatumizidwadi. Ndimafunsa ngati pali sikimu ya chipatala ndiponso ngati ikukhudza ana, popeza kugonekedwa kamodzi kokha kuchipatala cholipira kungameze kusiyana konse kwa malipiro awiriwo. Ndimafunsanso za maola. Lamulo la ntchito limati sabata ya ntchito isapitirire maola 48, ndipo wogwira masiku asanu pasabata ali ndi tchuthi cha masiku 15 pachaka, koma pali maofesi amene munthu amaweruka bwana akaweruka, Loweruka ali pomwepo, ndipo kupempha masiku awiri okaika maliro a amalume kumaoneka ngati mlandu. Malipiro a pamalo otero akagawidwa ndi maola enieni, kuphatikizapo a mumsewu, nthawi zina amatsika kuposa a ntchito imene munthuyo akufuna kuisiya.

Maganizo anga ndi akuti kuthamangira malipiro apamwamba, kaya ku UK, ku Joni kapena ku Lilongwe, kumapindula pamene munthu akudziwa chimene akukafuna ndiponso nthawi imene adzasiye, monga kumaliza nyumba, kulipira fizi ya mng'ono wake kukoleji, kapena kupeza mpamba. Msinkhu wa ana nawonso umasintha yankho, chifukwa ntchito imene ili yabwino kwa mnyamata wosakwatira ingakhale yowononga kwa bambo wa ana atatu a kupulayimale. Popanda cholinga chotero, ndalama zoonjezerazo zimapeza eni ake msanga, pakuti achibale akangomva kuti munthu wakwezedwa kapena wapita kunja, feteleza, fizi ndi chipepeso cha mudzi wonse zimayang'ana kwa iye, ndipo kukana n'kovuta.

Chinthu china ndimachiona pamapepala amene ndimakonza. Malipiro akakwera, ngongole imene banki ingamupatse munthu imakweranso, ndipo ambiri amaitenga m'miyezi yoyambirira yomwe, asanadziwe ngati ntchito yatsopanoyo iwayanja. Anthu amene mapepala awo ali ndi mizere yambiri ya ngongole zodulidwa si olandira zochepa okha ayi, ambiri ndi amene nambala yawo ya pamwamba anzawo amaisirira, ndipo pofika pa 15 ena mwa iwo amakhala akusakasaka katapila. Munthu wotero akatopa ndi maola kapena ndi khalidwe la abwana, sangathenso kubwerera kuntchito ya malipiro ochepa imene ikanamupatsa mpumulo, chifukwa banki imadula ndalama yomweyo mwezi uliwonse mpaka zaka za ngongoleyo zitatha.