Nachisale wayambanso kubzikula

Lero m'mawa ndapeza Nachisale, mbuzi yanga, ataimirira m'khola, akubzikula ngati sanadwalepo. Masiku 9 ndakhala ndikuvutika naye!

Zinayamba ndi chotupa kunsi kwa chibwano, chofewa ngati muli madzi. Ine ndinkati mwina amuluma mavu. Ndinamumwetsabe albendazole, mankhwala a njoka zam'mimba amene ndinagula pa Lizulu, mlingo wongoyerekeza ndi maso monga ndimachitira nthawi zonse. Sizinathandize. Anayamba kutsalira m'mbuyo mwa zinzake, kenako kungogona. Alangizi a ziweto atabwera sanafunse zambiri, anangotsitsa chikope cham'munsi. Kuyera kwake, mbee! Anati magazi atha, njoka zam'mimba zayamwa, ndipo chotupacho ndi madzi odza chifukwa cha kuchepa kwa magaziko.

Chimene chandipweteka mtima ndi sikelo. Tinabwereka ya mavenda ogula mbatatesi, n'kumulowetsa Nachisale m'thumba, n'kupachika pa mtengo wa pichesi: makilogalamu 34. Ine zaka zonsezi ndimamuyesa wa 20. Ndiye kuti ndakhala ndikumwetsa mankhwala operewera, njoka zofooka zikufa, zolimba zikutsala n'kumaswana. Alangizi anasintha mankhwala, tinabaya ivermectin, kwinaku ndikumupatsa madeya ndi masamba a lukina.

Nanga chingwe? Dzinja lino kuno ku Bembeke mbuzi iliyonse ili pachingwe, apo ayi mukakumana kwa amfumu pa mlandu wa chimanga cha eni. Chaka chatha ndinalipa nkhuku ziwiri, sindifunanso. Ndiye ndinkangokhoma zikhomo pamalo amodzimodzi kudambo, mbandakucha mame ali tho. Kumeneko n'kumene tinjokati timakwera pa udzu wonyowa kuchokera m'ndowe, mbuzi n'kumadya. Tsopano ndikutulutsa dzuwa litakwera, zikhomo ndikusuntha masiku atatu alionse, ngakhale malo ake ndi ochepa zedi.

Khola lam'mwamba lija ndinamanga ndi bulugama lokha ndilo silinandikhumudwitse. Zitosi zimagwera pansi, ndimangowola n'kukathira ku mbatatesi. Kungoti mipata ndinaikulitsa, kamwana kena kanathyokamo mwendo chaka choyamba, mpaka ndinakhomanso timitengo pakati.

Mbuzi zina zisanu ndi imodzi zatsala kuti zikwere sikelo Loweruka, ngati mavenda aja alola. Maganizo ndi oti ndidzale nsenjere m'milambala yonse ya munda wakumtunda kuti dzinja likubwerali ndizingomweta n'kuzipatsira m'khola. Zogula tonde wa mtundu wa Boer nazo sizinachoke m'mutu, koma mayi a kunyumba ati ndiyambe ndagula sikelo yangayanga.