Pa njinga yamoto m'mbali mwa nyanja yamchere ku Cape Town

Ife a ku Dedza timadzitama pa nkhani ya makona. Munthu amene anatsikapo Khwekhwelere pa njinga yamoto mpaka ku Golomoti, thumba la kachewere lili kumbuyo, msewu wokhotakhota saupatsa ulemu. Mtima umenewu ndi womwe ndinapita nawo ku Cape Town mwezi wa Novembala, pokaona alamu anga amene amasamalira maluwa m'makomo a anthu ku Hout Bay.

Njinga tinabwereka kwa mnyamata wina wa ku Lizulu amene amaperekera zakudya m'makomo. Tinamasula bokosi lakumbuyo kuti alamu apeze pokhala, tinavala zipewa tonse awiri, ulendo. Mwayi wake kumeneko amayendanso kumanzere, ndiye mutu sunazungulire.

Chapman's Peak Drive imayambira pa Hout Bay pomwepo n'kukathera ku Noordhoek. Ndi makilomita 9 okha koma makona ake ndi 114, ndipo pali chipata cholipirira monga timachitira pa Kalinyeke. Msewuwu anachita kuusema m'phiri. Ntchito inayamba mu 1915, akaidi ndiwo ankaswa miyala, n'kudzautsegulira mu 1922. Popita ku Noordhoek thanthwe limakhala kumanzere, pafupi moti ukhoza kulikhudza, pomwe kumanja ndi phompho, pansi pake mafunde akumenya miyala thovu lili mbuu. Ukakweza maso umaona maukonde achitsulo atamangidwa m'phirimo, ena muli miyala yomwe anaiwakha. Malo ena msewu umalowa pansi pa denga la konkire. Zonsezi zinabwera utatsekedwa mu 2000, mwala utagwa n'kupha munthu, ndipo anautsegulanso kumapeto kwa 2003.

Makona sanandivute, kunena zoona. Chimene Khwekhwelere saphunzitsa ndi mphepo. M'miyezi yotentha kumawomba mphepo yochokera kummwera chakummawa, imene eni ake amaitcha Cape Doctor. Thanthwe likakutchinga umayenda bwinobwino, koma ukangotulukira pa kona imakumenya m'nthiti, njinga n'kusuntha yokha kulowera mbali ina. Kanjinga kathu kopepuka kankachita kuvina. Ndinabweza giya, n'kumasula mapewa, chifukwa ukaumitsa manja pa chiwongolero ndi pomwe mphepo imakutenga bwino.

"Alamu, pang'onopang'ono, ana anga akadali aang'ono!" Mawu amenewa ndinawamva m'khutu pafupifupi kona iliyonse, zala zawo zitalowa m'jekete langa.

Chimene ndinasirira kwambiri ndi malo oimapo. Ukayenda pang'ono upeza pokhotera pambali, poti munthu n'kuimika njinga, kukhala pansi, kudya kamba wake akuyang'ana nyanja. Kwathu kuno ukafuna kuona chigwa cha Golomoti uli pamwamba, umaima pamsewu penipeni mtima uli m'mwamba kuopa lole yotsika ndi mabuleki otentha. Kukongola tili nako, poimira ndiye palibe.

Ku Noordhoek mchenga ndi woyera, gombe lalitali, koma madzi ake musayerekeze. Ndinangoviika phazi n'kubweza msangamsanga. Mbali imeneyi ndi ya Atlantic, madzi ake amazizira ngakhale dzuwa liswe mtengo.

Lamulungu lotsatira tinapita ku Clarence Drive, msewu wa R44 wochokera ku Gordon's Bay kulowera ku Rooi-Els, makilomita oposa pang'ono 20 m'mbali mwa False Bay. Uwu anamanga ndi asilikali a ku Italy ogwidwa pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Kwa wokwera njinga, ine ndimati uwu ndiye msewu. Makona ake ndi otambasuka, umapendekera kumanja, kumanzere, osalimbana ndi mabuleki, phula losalala lopanda dzenje. Njinga zikuluzikulu zinkatidutsa m'magulu ngati tayima, ena n'kutigwedezera mutu. Pa Rooi-Els anyani anali tayale m'mbali mwa msewu, osasuntha ngakhale uimbe hutala. Anamgumi amabwera m'madzi amenewa kuyambira cha mu Juni mpaka Novembala, ndipo tinaonako mmodzi patali akupemerera madzi m'mwamba.

Tinakathera ku Stony Point, ku Betty's Bay, kumene kuli mbalame zosauluka zija zotchedwa penguin. Zimayenda dzandidzandi pamiyala, kulira kwake ngati bulu, fungo la ndowe zake lokha mpaka kutseka mphuno. Alamu, amene akhala ku Hout Bay zaka zonsezi osadutsako malo amenewa chifukwa cha maganyu a Loweruka ndi Lamulungu, anatulutsa foni n'kuimbira mlongo wanga ku Linthipe pa WhatsApp kuti naye aone.

Iye anayang'ana mbalamezo pang'ono, n'kuseka.

"Zokongola ndithu, bambo a ana. Koma kuno mvula yayamba, ya feteleza ija mutumiza liti?"