Mjigo wa pa Broad Street ndi fungo la mtsinje wa Thames

Kwa sabata ziwiri tsopano ndakhala ndikuwerenga mbiri ya mzinda wa London m'zaka za m'ma 1800 pokonzekera mayeso, ndipo ndiyenera kuvomereza kuti ndinayamba ndi maganizo olakwika. Ndinkakhulupirira kuti akatswiri akangopeza gwero la vuto, akuluakulu a mzinda amachitapo kanthu nthawi yomweyo, koma nkhani ya kolera mumzindawu yandisokoneza kwambiri pa mfundo imeneyi.

M'chaka cha 1801 mu London munali anthu pafupifupi miliyoni imodzi, koma pofika 1851 anali atapitirira mamiliyoni awiri. Zonyansa za m'zimbudzi zinkathera m'maenje a pansi pa nyumba kapena mumtsinje wa Thames, momwenso makampani ena ankapopamo madzi akumwa. Madokotala ambiri a nthawiyo ankati matenda amabwera ndi mpweya wonunkha, ndipo dokotala John Snow, yemwe ankati kolera imayenda ndi madzi, ankaoneka ngati munthu wamakani chabe.

Mliri utabuka m'dera la Soho mu 1854 n'kupha anthu opitirira 600, Snow anayenda khomo ndi khomo kufunsa kumene omwalirawo ankatunga madzi, ndipo anapeza kuti maliro ambiri anazungulira mjigo wa pa Broad Street. Chimene chandigwira mtima si mapu otchuka amene anajambula osonyeza kumene kunagwa maliro, koma anthu amene nkhani zawo zinkaoneka zosiyana ndi mapuwo. Amuna ogwira ntchito pa fakitale yofulula mowa mumsewu womwewo sanafe ndi mliriwo, chifukwa ankamwa mowa wa pantchito ndipo anali ndi chitsime chawochawo. Pamene mayi wina wamasiye wa ku Hampstead, kutali ndi Soho, anamwalira chifukwa ankakonda kukoma kwa madzi a pa mjigowo, moti ankachita kumutumizira botolo tsiku ndi tsiku. Pambuyo pake m'busa Henry Whitehead, yemwe poyamba ankatsutsana ndi Snow, anapeza kuti madzi ochapira matewera a khanda lodwala anatayidwa m'dzenje lomwe linali pafupi kwambiri ndi chitsime cha mjigo wa pa Broad Street. Powerenga ndime imeneyi ndinakumbukira mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 kuno kwathu, komanso mmene chimbudzi ndi chitsime zimayandikirana m'makomboni athu.

Chogwirira cha mjigo chinachotsedwa pa 8 September 1854 kuti anthu asatungeponso madzi, koma mliri utazilala anachibwezeretsa, ndipo akuluakulu a zaumoyo sanavomereze mfundo ya Snow. Chimene chinawadzutsa ndi fungo. M'nyengo yotentha ya 1858 mtsinje wa Thames unanunkha koopsa mpaka makatani a ku Nyumba ya Malamulo, yomwe ili m'mphepete mwa mtsinjewo, anaviikidwa m'mankhwala a klorini kuti aphungu athe kupuma. Pasanathe miyezi iwiri lamulo linadutsa, ndipo injiniya Joseph Bazalgette anapatsidwa mphamvu ndi ndalama zomangira ngalande zikuluzikulu za pansi pa nthaka, zotalika makilomita opitirira 130, zotengera zonyansa kumunsi kwa mtsinje.

Apa ndi pamene ndakhala ndikuzunguzika polemba yankho langa, pakuti ngalandezo anazimanga pofuna kuthamangitsa fungo lomwe ankaliyesa gwero la matenda, komabe zinathandiza kuthetsa kolera chifukwa zinalekanitsa zonyansa ndi madzi akumwa. Mliri womaliza unagwa mu 1866 kum'mawa kwa mzindawo, dera la anthu osauka kumene ntchitoyo inali isanathe, ndipo William Farr, katswiri wa ziwerengero yemwe kale ankakhulupirira za mpweya woipa, anavomereza kuti vuto linali madzi. Snow sanazione zonsezi, chifukwa anamwalira mu June 1858, m'mwezi womwewo umene aphungu ankatseka mphuno ndi mipango.