Mawu 60 okha pansi pa chithunzi cha Marshall Newell

Kulaibulale komwe ndimagwira ntchito kuno ku Massachusetts, m'dziko la America, tikukonza chionetsero cha zithunzi zakale zamasewera. Lolemba abwana anandipatsa chithunzi cha Marshall Newell kuti ndilembe mawu oika pansi pake, osapitirira 60.

Ndinayamba ndi kufukula manyuzipepala akale. Newell anabadwa mu 1871, ndipo anakulira pafamu kufupi ndi tauni ya Great Barrington. Ku yunivesite ya Harvard ankasewera mpira wa ku America pamzere wakutsogolo, pomwe anthu amagundana zifuwa, ndipo kuyambira 1890 mpaka 1893 chaka chilichonse ankasankhidwa m'gulu la akatswiri a dziko lonse la All-America. Anzake ankamuitana kuti "Ma" chifukwa ankasamala anyamata obwera kumene ngati kholo lawo.

Mpira wa nthawiyo unali wankhanza. Zipewa zolimba kunalibe, ndipo kuponya mpira kutsogolo kunaloledwa mochedwa, mu 1906, ndiye njira yopitira patsogolo inali kugumula anthu basi. Mu 1892, posewera ndi yunivesite ya Yale, timu ya Harvard inatulukira flying wedge: osewera ankathamanga atapanga mpanda wosongoka, wonyamula mpira atabisala mkati. Pofika 1894 anailetsa, itavulaza anthu ambiri.

Lachitatu tinakangana ndi mnzanga wokonza maonekedwe a chionetsero. Iye ankafuna tiyambe ndi imfa, poti Newell anapulumuka zonsezi n'kukafera panjanji. Pa 24 Disembala 1897 injini ya sitima inamugunda ku Springfield, ali pantchito ku kampani ya sitima zapamtunda ya Boston and Albany, ali ndi zaka 26. "Achimwene, anthu amaima pankhani ya maliro," anatero. Zoona, koma munthu tisamamukumbukire ndi tsiku limodzi loipa ngati kuti sanachitepo kanthu.

Chomwe ndinakakamira ine ndi zaka ziwiri zomwe anali kochi ku yunivesite ya Cornell, 1894 ndi 1895. Anapambana masewera 9, anagonja 8, awiri anafanana mphamvu. Si zotsatira zodzitama nazo, n'chifukwa chake ambiri amazidumpha, koma zikusonyeza kuti kudziwa kusewera ndi kudziwa kuphunzitsa n'zosiyana.

Lachisanu abwana anagamula. Cornell inatsala, imfa inapita kumzere womaliza, koma nyumba yosungiramo mabwato yotchedwa Newell Boathouse, m'mbali mwa mtsinje wa Charles, anaichotsa chifukwa cha malo. Zimenezo zikundiwawabe, poti mnyamatayu analinso katswiri wopalasa bwato ku Harvard, ndipo pakapepala kathu palibe liwu limodzi lonena zimenezo.