Sabata yotseka mabuku, Diwali ili pakhomo

Ntchito yanga ndi yosunga mabuku a ndalama pa sitolo ina ya zipangizo zomangira ku Limbe. Eni ake ndi Ahindu, kwawo kwa makolo ndi ku Gujarat, chigawo cha dziko la India. Kutha kwa Okutobala 2024 kunakumana ndi Diwali, chikondwerero cha nyali cha Ahindu, pamene a ku Gujarat amatseka chaka chawo, moti malipiro a antchito ndi kutseka chaka zinandigwera pamodzi.

Lolemba m'mawa bwana wamkulu anandiitana. "Bambo, onse amene tili nawo ngongole alandire zawo pofika Lachitatu." Safuna kulowa chaka chatsopano ndalama ya mwini ili m'manja mwawo. Masiku atatu ndinali pa foni ndi pa malisiti, nsima yamasana ndikudyera pa desiki.

Lachinayi madzulo ndiye linali tsiku la Chopda Pujan, mwambo wopempherera mabuku a malonda. Anayala mabuku atsopano achikuto chofiira patsogolo pa milungu yawo Lakshmi ndi Ganesh, nyali zadothi zikuyaka. Pa tsamba loyamba bwana analemba mawu awiri, shubh ndi labh, kutanthauza mwayi ndi phindu. Kenako mayi a pakhomopo anati ndibweretse kompyuta yanga, popeza masiku ano chuma chonse chimalembedwa mmenemo, ndipo anaidontheza kadontho ka ufa wofiira wa kumkum. Ine ndine Mkhristu, ndinangoima pambali, koma zinandikhudza. Manambala amene ndimalimbana nawo tsiku ndi tsiku, anthuwa amawaona ngati chinthu choyenera kukhala choyera pamaso pa amene amawapembedza.

Loweruka pa 2 Novembala chinalowa chaka cha 2081 pa kalendala ya Vikram Samvat. Amachitcha Bestu Varas, moni wake ndi "Saal Mubarak". Bwana anatifotokozera kuti ku Gujarat anyamata amalawirira mbandakucha kugulitsa mchere khomo ndi khomo, poti mchere ndiwo umakometsa zonse.

Ndinapereka moni womwewo kwa kasitomala wathu wina wa ku Tamil Nadu, chigawo china cha India. Anaulandira mwaulemu, nandiuza kuti chaka chatsopano chawo, Puthandu, chimadza pakati pa Epulo. A ku Maharashtra amachita Gudi Padwa mu Marichi kapena Epulo, tsiku lomwelo a ku Karnataka ndi Andhra Pradesh akuchita Ugadi.

Masiku onsewa ndawalemba pa kalendala ya mu ofesi, pambali pa masiku olipira msonkho, kuti kasitomala aliyense ndizimupatsa moni pa tsiku lake.